Mtanda wa Mphako

Zaka zambiri za moyo wanga ndinazithera pakati pa zitsulo ziwiri, maso pansi, nyundo m'manja. Ondiona ndikudutsa ankati ndine wamisala wofatsa. Ena ankati ndine wantchito wa njanji amene mabwana anaiwala kumuuza kuti aweruke. Onsewo sanaphonye kwenikweni. Ine ndinkafuna mtanda umodzi. Mitanda ndi matabwa ochindikala aja amene amagona chopingasa pansi pa njanji, kuti zitsulo zisamire kapena kutayana sitima ikamadutsa. Ilipo yosawerengeka, yonse yakuda, yonse yofanana. Koma umodzi unali ndi mphako m'kati, ndipo wobisa mphakoyo ndinali ine.

Ndiyambire m'dzenje, poti ndimo ndinakulira. Kucheka mitanda ndi ntchito ya anthu awiri. Mumakumba dzenje lolekeza m'khosi, n'kugoneka chipika pamwamba pake. Wina amaima pa chipikacho, wina amalowa m'dzenje, macheka aatali ali pakati pawo. Wapamwamba amaona mzere wa makala n'kumawongolera, wapansi amangokoka n'kumadya utuchi. Ine ndinadya utuchi zaka zisanu ndi ziwiri, mpaka malovu anga anasintha mtundu. Wapamwamba wanga anali a Kambalame, munthu wamtali, wouma mawu, amene ankatha tsiku lonse atangonena "koka" ndi "pumula". Loweruka lililonse ankakhala pa chitsa ndi tupa n'kumanola machekawo dzino limodzilimodzi, ndipo nthawi imeneyo ngakhale njovu ikanadutsa sakanadzutsa mutu. Ndinkawatcha achimwene ngakhale panalibe chibale. Kwawo kunali kuseri kwa phiri la mitu iwiri, ulendo wa tsiku limodzi kuchokera m'nkhalango yathu, ndipo kawiri konse ndinakadyako maungu.

Tinali a Bungwe la Ocheka Mitanda. Bungwelo linali ndi kachipinda m'tauni, pafupi ndi siteshoni. Ndilo linkatilankhulira kwa eni njanji, ndilo linkatiuza nkhalango yodula ndi yoti ipume, ndipo kamodzi pa chaka linkatisonkhanitsa kuti akuluakulu akangane za kutalika kwa mtanda ngati kuti mtanda unakula chaka chathacho. Koma chachikulu, bungwe linkapereka nyundo. Nyundo ya bungwe sinali yokhomera misomali. Kumutu kwake kunali chizindikiro cha mwini wake, ndipo wapamwamba aliyense ankamenya chizindikirocho kumapeto kwa mtanda uliwonse wotuluka m'manja mwake, kuti ukadzalephera patsogolo anthu adziwe khomo lokagogoda. Cha a Kambalame chinali phazi la nkhuku, timizere titatu. Wapansi analibe nyundo. Akafuna kukwera pamwamba, mwambo unali wakuti asankhe yekha mtengo, wapamwamba wake ali chete. Mitanda yonse ya mtengowo ikalira bwino poigogoda pamaso pa woyesa, ankalandira nyundo yakeyake. Umodzi wokha ukalephera, ankabwerera m'dzenje zaka zina zitatu.

Nthawi yanga itakwana ndinasankha muwanga waukulu, woongoka, umene ndinakhala ndikuusirira miyezi yambiri. A Kambalame anaugogoda ndi msana wa nkhwangwa, n'kupendeketsa mutu.

"Wasankha umenewu, mphwanga?"

"Umenewu, achimwene."

"Chabwino."

Paja amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa mtanda wachisanu ndi chiwiri utuchi unasintha. Wapansi ndiye amayamba kuona matenda a mtengo, chifukwa amamugwera kumaso. Utuchiwo unali wakuda, wonyowa, wonunkha chuku. Ndinapitiriza kukoka. Masana a Kambalame atatsikira kumtsinje kukasamba, ndinaupeza mlomo wa mphakoyo kumapeto kwa mtanda: kabowo kakang'ono, koma ndodo inalowa yonse. Ndinaganiza za zaka zitatu zina m'dzenje, anzanga amsinkhu wanga akundiyang'ana kuchokera pamwamba. Ndinasema chitsekero cha muwanga womwewo ndi dzanja langa lamanzere, poti ndine wamanzere, ndinachikhomera, ndinapakapo phula limene tinkapaka kumapeto kuti mitanda isang'ambike. Ndinene zoona, sindinagwirepo ntchito yaukhondo ngati imeneyo. A Kambalame atabwera anamenya phazi la nkhuku pa mitanda yonse, ndi umenewo womwe.

Ngolo zinafika kudzatenga mitanda kupita nayo ku siteshoni, kumene woyesa ankaigogoda pamaso pa apamwamba okhaokha. A Kambalame anazichedwetsa masiku atatu, ati msana. M'mawa uliwonse tikuotha moto ankandiyang'ana n'kufunsa, "Uli ndi mawu, mphwanga?" Ine n'kuti, "Ayi, achimwene." Tsiku lachinayi anamanga macheka m'chiguduli, anakwera ngolo. Sanabwerenso.

Amene anabwera ndi a Thawale, woyesa mitanda wa bungwe, munthu wamfupi wa makutu aakulu. Anatulutsa nyundo yatsopano m'thumba n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Mtengo wako walira bwino. Kwera pamwamba."

"Nanga achimwene?"

"Abweza nyundo."

"Chalakwika n'chiyani?"

"Wobweza nyundo bungwe silimunenera. Mwambo ukuudziwa."

Mwambo ndinkaudziwa, ndipo njira ya kuseri kwa phiri ndinkaidziwanso. Sindinapite. Ndinadziuza kuti mkuluyo wachita kaduka, kuti watopa, kuti ndi msana uja. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa maso awo.

Pamwamba ndinakhalapo chilimwe chimodzi. Kamphepo kake n'kokoma, sindikana, koma sitima ikangolira kutali macheka ankachoka pa mzere, wapansi wanga n'kumadandaula kuti ndikumuthyola mapewa. Ndinkauona mtanda uja utagona pansi pa chitsulo, chiswe chikulowera pa chitsekero, mvula ikudzaza mphako, ndipo pamwamba pake pakudutsa anthu akusenda nzimbe pa zenera, amayi akuyamwitsa. Tsiku lina mvula itayamba ndinapeza mabogi atatu a sitima atagwa pamalo pokhota, chimanga chili mbwee, anthu akuwolera m'mabeseni. Anati ndi madzi amene anakokolola dothi, ndipo sipanafe munthu. Ine ndinagwada n'kuyamba kufukula miyala kumapeto kwa mitanda, umodziumodzi, kufuna phazi la nkhuku. Podzuka, dzuwa linali litapendeka, ndipo miyendo yanga inangopitiriza kutsata njanji. Kudzenje sindinabwererenso.

Ndinafika m'tauni ina mmene zonse zinali zakuda, ndi nkhunda zomwe. Kumeneko n'kumene mitanda inkamizidwa m'mafuta onunkha oletsa chiswe. Woyang'anira bwalolo anali a Msosa, munthu amene mphuno yake inafa kalekale, moti ankadya mbatata yake atakhala m'mphepete mwa thanki. Anandipeza ndikusuzumira m'milu ya mitanda.

"Mwataya chiyani, bambo?"

"Palibe. Ndikufuna ntchito."

"Ofuna ntchito amayang'ana munthu kumaso. Inu mukuyang'ana matako a mitengo. Komabe gwirani mbedza iyi."

Ndinagwira. Ndinaphunzira kusanja mitanda motalikirana kuti mphepo izidutsa, kuimiza, kuivuula, ndi kudzola dothi kumaso kuti khungu lisasupuke. Ndinaphunziranso chimene sindinkafuna kudziwa, kuti mtanda wabwino ndi woipa ikatuluka m'mafuta imafanana. Nditafunsa kumene mitanda ya chaka chakutichakuti inapita, a Msosa anaseka mpaka kutsamwa mbatata.

"Imakwera sitima imene yaima, bambo. Ina kumpoto, ina kummwera. Mukufuna ndikuuzeninso kumene utsi wa dzulo unalowera?"

Ndinachoka m'mawa wina osatsanzika. Fungo la mafuta aja linatsala m'malaya anga zaka zingapo, moti agalu a m'midzi ankandiuwa ali patali.

Kenaka kunali chigwa chotentha cha milambe, kumene njanji inkaoneka ngati ikusungunuka kutsogolo. Ndinapezako gulu la okonza njanji litabisala dzuwa pansi pa kamlatho. Kapitawo wawo, a Zuze, anali munthu wonenepa wokonda kuseka.

"Mwataya chiyani, achimwene?"

"Chinthu cha eni."

"Cha eni chimalemera. Bwerani mudye."

A Zuze ndi amene anandiphunzitsa kumva. Ine ndinkayesa kuti kugogoda ndimadziwa, koma atandiona anagwira m'chiuno. "Musamenye ngati mukupha njoka. Gogodani ngati pakhomo pa apongozi, kenaka mudikire ayankhe." Mtanda wamoyo umayankha mouma, mwachidule, nyundo n'kudumpha yokha. Wovunda m'kati umameza mawu. Yovundayo tinkaizula m'miyala, anthu anayi ndi nyimbo, n'kulowetsapo yatsopano sitima ya masana isanafike. Mapazi a nkhuku ndinawapeza ambiri m'chigwamo. Ndikafukula miyala n'kuona timizere titatu tija, mtima unkagunda kawiri, koyamba ndi mantha, kachiwiri ngati ndakumana ndi wakwathu pa msika wachilendo. Ndinkagogoda. Yonse inkayankha mouma, mwachidule, monga mwini wake. Gululo likafika pa malire a chigawo chake linkabwerera, ndipo tsiku lina litabwerera ine ndinapitirira.

Masiteshoni ankafanana. Paliponse panali mtengo umodzi wa mango, benchi, wotchi yoima, ndi mbuzi yoyera itagona pa sikelo. Nthawi zina ndinkakayika ngati si mbuzi yomweyo. Pena ndinkapeza pa mtanda kamzere ka choko ka dzanja langa lomwe, kusonyeza kuti ndinadutsapo kale, koma chaka chake osachikumbukira. Ana amene anandithawa ulendo woyamba ankandipatsa moni ulendo wachiwiri ali ndi ana kumbuyo. Panali malo ena pamene njanji inkatuluka m'mapiri, ndipo ukayang'ana kumadzulo phiri la mitu iwiri linkaoneka bwinobwino, labuluu. Ndinadutsapo kangapo pamenepo. Nthawi zonse mitanda ya pamalopo ndinkaiyang'anitsitsa kuposa ina yonse.

Pamudzi wa pamlatho ndinatsala pang'ono kukhala munthu. Panali mayi wina, Nachanza, wogulitsa nthochi pa mazenera a sitima. Anandiona ndikukwawa pamwamba pa mtsinje, mutu uli pakati pa mitanda.

"Mwataya chiyani, bambo inu, kuti mufune kugwera m'madzi?"

"Tulo," ndinatero.

"Tulo sitikhala pa mlatho. Tsikani."

Ndinatsika, ndipo ndinakhala. Ndinamukonzera chitseko chimene chinkakhula pansi, ndinamulimira dimba, iye n'kumachapa malaya anga mpaka fungo la mafuta linagonja. Madzinja awiri ndinagona m'nyumba ya denga. Koma Lachisanu lililonse Nachanza ankakwera sitima kupita ku msika wa m'tauni, ndiye ine Lachinayi ndinkayenda njira yonseyo patsogolo pake ndikugogoda, n'kubwera mapazi atatupa. Atakhala ndi pakati zinanyanya. Ndinayamba kupita Lachitatu.

"Bambo, tandiuzani chimene mukufuna pansi pa njanjipo," anatero tsiku lina akusenda chinangwa. "Mwina tingafune awiri."

"Si kanthu, mayi."

"Si kanthu kamene kamakudzutsani chakudya chili pamphasa? Mkazi mnzanga ndikanalimbana naye. Nanga chitsulo ndichite nacho bwanji?"

Kameneko kanali kachiwiri munthu wondikonda kundifunsa ngati ndili ndi mawu, ndipo kachiwirinso ndinati ayi. M'mawa wina ndinatuluka kuti ndikangofika pokhota paja n'kubwerera. Kuseri kwa pokhotapo kunali pokhota pena. Pamene ndinkabwerera, mlatho unalipo, mtsinje unalipo, koma pamene panali nyumba panali chinangwa chotalika kuposa ine. Mayi wina wopalira pamenepo anati Nachanza anapita kwawo kalekale, ali ndi kamtsikana koyenda kale. Kwawoko sankakudziwa. Ndinakhala pa chulu mpaka mthunzi unandichoka. Mkazi ameneyo ndinamusowa, ndipo ndimamusowabe. Mwanayo ngakhale dzina lake sindilidziwa.

Pambuyo pake ndinatsata kanjanji kena kopatuka, komera udzu, kamene kanathera pa siteshoni yopanda denga. Kumeneko kunali nkhalamba ina, a Gwaza, imene kale inkakweza mbendera. Sitima inasiya kubwera zaka zambiri, koma m'mawa uliwonse ankasesa pokwerera anthu n'kupaka mafuta pa chitsulo chopatutsira njanji. Anandiyang'ana ndikugogoda mitanda imene sinadzamvenso kulemera kwa sitima.

"Mwataya chiyani, mnzanga?"

"Dzina la munthu. Ndinaliika pamalo poipa."

Anagwedeza mutu ngati zimenezo amamva tsiku ndi tsiku. Ndinakhala nawo nyengo ya masika, tikusesa awiri. Ankati ntchito yodikira ili ndi luso lake: usamayang'ane kumene chinthucho chidzachokere, uzingokonza pamene chidzaime. Tsiku lochoka anandiperekeza mpaka pa chikwangwani.

"Kodi kwanu kulibe wokudikirani?"

"Kulibe," ndinatero, ndipo ndinkakhulupirira kuti ndikunena zoona.

Kenaka kunabwera mitanda ya simenti. Inabwera pa mabogi, yotuwa, yopanda chizindikiro cha munthu aliyense, ndipo ukaigogoda imayankha chimodzimodzi ngati ana a sukulu. Yamitengo ankaizula n'kuiunjika m'mbali, anthu n'kumatola. Wina angati apa ndiye ndinapuma. Ayi ndithu. Pa milatho ndi pa tinjanji ta kumidzi anasiyapo yamitengo, ndipo yozulidwayo inabalalika dziko lonse, moti sindinkadziwanso ngati wanga uli pansi pa sitima kapena pansi pa mphika. Ndinayamba kusuzumira m'makola a ng'ombe, pa masitepe a matchalitchi, pa mauvuni a njerwa. Ndinakhala miyezi ingapo kwa kalipentala wina wopanga matebulo ndi mitanda yakale. Ine ndinkamuzulira misomali, iye n'kumandilola kuona mapeto a mtanda uliwonse asanaudule. Ameneyo sanandifunse chimene ndinataya. Anthu anali atasiya kufunsa, ndipo ndinadabwa kuona kuti funsolo ndinkalisowa.

Njanji ukaitsata nthawi yaitali imakubweza kumene unachokera. Tsiku lina masana ndinangopezeka ndili m'tauni ya kachipinda kaja. Chikwangwani cha bungwe chinalipo, zilembo zitafufutika theka. Mbali ina ya chipindacho anatchinga ndi nsalu, ndipo kuseri kwake munthu ankameta anthu. M'kati munali nkhalamba zinayi pa benchi. Zinkakangana za kalata yopempha eni njanji kuti pa milatho asachotsepo mitengo, poti mtengo umapirira kugwedezeka pamene simenti imasweka. Kalatayo inkaoneka kuti yakhala ikulembedwa zaka, ndipo anali asanagwirizanebe za moni wake. Pakhoma panali nyundo zobwezedwa, iliyonse pa msomali wake, khoma lonse tho. Pakati pa nkhalambazo panali a Thawale, atachepa kwambiri. Makutu okha ndi amene sanakalambe.

Maso anga anapita pakhoma. Phazi la nkhuku linali pa msomali wachitatu, mpini utachita fumbi.

"Mwataya chiyani, akulu?" anafunsa a Thawale. Sanandizindikire.

Sindidziwa chimene chinatsegula pakamwa panga, kaya kutopa, kaya nyundo ija. Ndinaika nyundo yanga pa tebulo n'kunena zonse: muwanga, utuchi wakuda, chitsekero, phula. Ndinati penapake pansi pa njanji pali mtanda wa mphako wa phazi la nkhuku, ndaufuna ndalephera, miyendo yatha, bungwe litumize anthu sitima isanagwe. Kuseri kwa nsalu wometa uja anazimitsa makina ake.

A Thawale anasendera pafupi nane.

"Ndiwe wapansi wa Kambalame."

"Ndine."

"Mtanda umenewo sunakwere sitima. Kambalame anautsitsa pa ngolo ine ndisanagwire nyundo. Anati, uwu ndi wa mtengo wina, wosankha ine, ndautseka ndine, ndaumenya chizindikiro ndine. Ya mnyamatayo ndi iyi, iyeseni. Ndinayesa, inalira. Lamulo ukulidziwa, wobisa mphako amapachika nyundo. Anapachika yekha apo, anakweza mtanda wake pa ngolo, ulendo."

"Inu munakhulupirira?"

"Ine ntchito yanga inali kumvera mitengo." Anakanda khutu. "Koma kasemedwe ka chitsekero kaja kanali ka munthu wamanzere. Kambalame si wamanzere."

"Bwanji osandiuza, bambo?"

"Wobweza nyundo bungwe silimunenera. Lero ndanena chifukwa wayamba ndiwe."

Imodzi mwa nkhalamba zija inati, "Mlandu suola," inzake n'kuiuza kuti itseke pakamwa. Ndinatuluka nyundo ndikuisiya pa tebulo pomwepo.

Nkhalango yathu inali itasanduka minda ya fodya. Dzenje ndinalipeza litakwiririka theka, mutamera nthochi. Kuchokera pamenepo ndinanyamuka dzuwa likutuluka, ndipo lisanalowe ndinali kuseri kwa phiri la mitu iwiri. Mapazi anga ankadabwa ndi njira yopanda mitanda. Ankapondabe motalikirana mofanana, ndipo amayi ochokera kuchigayo ankandiseka.

A Kambalame anali pakhonde akupota chingwe. Tsitsi linali mbuu, maso atachita ng'ala. Ndinati odi. Anapendeketsa mutu monga anachitira pa muwanga paja.

"Mawu awa ndi a m'dzenje," anatero. "Wafika, mphwanga?"

"Ndafika, achimwene."

"Uli ndi mawu?"

"Ndili nawo."

Ndinanena. Anali mawu ochepa, osatha nthawi yomwera chikho cha madzi. Ndinachita manyazi kuti chinthu chimene ndinasenza zaka zonsezo chinali chachifupi chotero.

"Ndinadziwa," anatero. "Wapansi amayesa kuti matenda a mtengo amawaona yekha. Wapamwamba amamva m'manja macheka akapepuka. Kumtsinje kuja ndinapita dala, kuti utsale wekha ndi mtengo wako." Anapota chingwe pa ntchafu kawiri. "Ukanangoti, achimwene, muli mphako, tikanaugubuduzira kutchire, iwe n'kudikira zaka zitatu. Zitatu zokha."

Anadzuka, anandigwira pa mkono n'kunditsogolera kuseri kwa nyumba, ngakhale wosaona anali iwowo. Mtandawo unali pamenepo, pa mphanda ziwiri pansi pa mtengo, utatuwa ndi dzuwa, phazi la nkhuku likuonekabe kumapeto. Chitsekero changa anachichotsa, ndipo pa kabowo paja pankalowa ndi kutuluka njuchi. Dzanja langa linapita lokha m'thumba kukafuna nyundo.

"Usagogode," anatero ngati akundiona. "Muli eni ake."

Ndinatulutsa dzanja m'thumba. Pa mtanda umenewo sipanadutsepo sitima ngakhale imodzi. Ndinaganiza za chigwa cha milambe, za mlatho, za kamtsikana kamene tsopano mwina ndi mayi wa ana, ndipo ndinalira mosabisa, poti wondiona panalibe.

Pobwerera pakhonde ndinaona macheka athu atapachikidwa kunsi kwa denga. Anali dzimbiri lokhalokha, koma mano ake anali aafupi, odyeka kuposa mmene ndinawasiyira.

"Munachekanso ndi wina, achimwene?"

"Ndi yani? Munthu wopachika nyundo ndani angamulowere m'dzenje?" Anakweza dzanja, anapapasa machekawo mpaka anapeza mano. "Ndinkangowanola. Loweruka lililonse, maso asanafe. Ndinkati mnyamata uja akabwera, iye akwere pamwamba ndi nyundo yake, ine ndilowe pansi ndizikoka. Lamulo silikaniza zimenezo."

Anafufuza mpando ndi phazi, anakhala, anatolanso chingwe chawo.

"Koma iwe unadzera njira iti, mphwanga, kuti uchedwe chonchi? Pajatu ndi tsiku limodzi."